Maphunziro a gofu oyeza kamenyedwe ndi radar ku Johannesburg: zimene amathandiza ndi zimene amasiya

Anthu ambiri amene amasewera gofu kumapeto kwa sabata amafuna zinthu ziwiri nthawi imodzi, kuti mpira uzifika patali komanso kuti uzigwera pamene aloza, ndipo ambiri mwa iwo amakhulupirira kuti chimodzi chikabwera chinzake chimathawa. Kumpoto kwa mzinda wa Johannesburg kuli malo angapo ophunzitsira gofu amene amalonjeza zonse ziwirizi, ndipo chimene amadalira ndi makina a radar oyeza ndodo ndi mpira pa nthawi imene zikugundana. Ndinalipira mndandanda wa maphunziro pa amodzi mwa malo amenewa, ndinaumaliza, ndipo ndasewera mokwanira pabwalo lenileni kuti ndione zimene zakhalira ndi zimene zinathera m'chipinda chophunziriramo. Maganizo anga ndi akuti ndalama yake siipita pachabe, koma phindu lake silichokera kumene otsatsa malonda amaloza. Silichokera ku mphamvu zatsopano kapena ku ndodo yatsopano. Limachokera pa kuona ndi maso kumene nkhope ya ndodo, mbali imene imagunda mpira, yaloza ndi pamene mpira wakhudza, zinthu ziwiri zimene munthu sangazione yekha ngakhale atasewera zaka makumi awiri.

Malowo ndi osavuta kuwafotokoza. Pali zipinda zotseka zokhala ndi mphasa ya udzu wapulasitiki, ukonde ndi sikirini yaikulu kutsogolo, ndiye palinso malo ochepa otsegukira kubwalo loyesererapo, kumene mpira umauonadi ukuuluka mpaka kugwa. Phunziro lililonse limatenga ola limodzi, kulembetsa kumachitika pa intaneti, ndipo aphunzitsi amasunga nthawi. Pamene pamavuta ndi Loweruka m'mawa, chifukwa aliyense amafuna nthawi yomweyo. Mtengo wa mndandanda wonse unkafanana ndi wa driver, ndodo yaitali yomenyera mpira patali, yabwino yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo kufanana kumeneku n'kofunika kukukumbukira, chifukwa anthu ambiri ndalama yotereyi amaipereka kusitolo ya ndodo osati kwa mphunzitsi.

Makina amene amagwiritsa ntchito ndi a TrackMan, kampani ya ku Denmark imene inayamba mu 2003, ndipo amayeza pogwiritsa ntchito mafunde a radar amene amagunda chinthu choyenda n'kubwerera. Kabokosi kake kamaikidwa pansi kumbuyo kwa womenya, ndipo mpira ukangochoka, pasikirini pamatuluka manambala ochuluka kwambiri: liwiro la mutu wa ndodo, liwiro la mpira, njira imene ndodo yadutsa, kumene nkhope yake yaloza, kukwera kwa mpira, kuzungulira kwake, ndi mtunda umene wauluka usanagwe. Munthu akangofika amafuna kuwerenga zonse, ndipo apa ndi pamene ndinayamba kuwalemekeza aphunzitsi amene ndinapatsidwa. Anazimitsa manambala onse n'kusiya atatu okha, ndipo anakana kuwonjezera ena mpaka atatuwo atayamba kumveka m'manja mwanga. Ndaona pa malo ena ophunzira akutuluka ndi mutu wodzaza manambala koma mpira ukupitabe kutchire ngati kale, choncho kudziletsa kwa mphunzitsi pa nkhani imeneyi ndimakuwerengera ngati gawo lalikulu la zimene ndinalipira.

Manambala awiri oyamba anali a nkhope ya ndodo ndi njira yake, ndipo apa m'pamene pagona nkhani yonse ya kulunjika. Kwa zaka zambiri osewera ankaphunzitsidwa kuti mpira umayamba ulendo wake kutsata njira imene ndodo yadutsa, kenaka n'kukhotera kumene nkhope yaloza. Makina oyezawa anaonetsa kuti zili mosiyana. Mpira umayamba ulendo makamaka kumene nkhope yaloza, ndipo pa driver nkhopeyo imalamula pafupifupi magawo 85 pa 100 alionse a kumene mpira uyambire. Kukhota kwake m'malere kumabwera chifukwa cha kusiyana kwa nkhope ndi njira. Munthu wosewera ndi dzanja lamanja amene ndodo yake imadutsa kuchokera kunja kulowera mkati, kunena kuti kupita kumanzere kwa chimene waloza, pamene nkhope yatseguka poyerekeza ndi njirayo, mpira wake umakhotera kumanja, ndipo kumeneku ndi kumene osewera amati slice. Limeneli ndi vuto la osewera wamba ochuluka, ndipo linali langa.

Choopsa cha slice ndi chakuti mankhwala amene munthu amadzipatsa yekha ndi amene amakulitsa matendawo. Akaona mpira ukuthawira kumanja, amatembenuza mapazi ndi mapewa kuloza kumanzere kuti aupatse malo okhotera. Potero njira ya ndodo imapita kumanzere kwambiri kuposa kale, kusiyana kwake ndi nkhope kumakula, ndipo mpira umakhota moposa. Mawa lake amalozanso kumanzere kwambiri, mpaka kufika poimirira ngati akufuna kumenyera dzenje lina. Pasikirini zimenezi zimaoneka poyera: nambala ya njira ili madigiri angapo kumanzere, nambala ya nkhope ili pafupi ndi ziro kapena kumanja pang'ono, ndipo mzere wa mpira ukupindika ngati mmene umapindikira pabwalo. Aphunzitsi sanayambe ndi njira monga mmene ndinkayembekezera. Anayamba ndi kagwiridwe. Anatembenuza dzanja langa lamanzere pa chogwirira mpaka nditayamba kuona mfundo ziwiri kapena zitatu za zala ndikayang'ana pansi, anachotsa ndodo pakati pa chikhatho n'kuiika m'zala, ndipo anandiuza kuti ndimenye popanda kusintha china chilichonse.

Zotsatira zake zinali zoipa m'maso koma zolondola pa manambala. Mipira inayamba kupita kumanzere molunjika, ina kukhoteranso kumanzere komweko, chifukwa tsopano nkhope inali itagwirizana ndi njira yolakwika ija. Aphunzitsi anafotokoza kuti thupi silingasiye kudutsitsa ndodo kumanzere likadali ndi mantha akuti mpira uthawira kumanja, ndipo mantha amenewo akachoka, njira imayamba kudzikonza chifukwa munthu safunanso kuona mpira kumanzere. Ndondomeko imeneyi, yoyamba ndi nkhope kenaka njira, ndi chinthu chanzeru kwambiri chimene ndinatenga pamalopo. Imafuna kuleza mtima, chifukwa pamakhala nyengo imene umasewera moipa kuposa mmene unabwerera, ndipo anzako pabwalo amayamba kufunsa ngati ndalama ija unalipira kuti akuononge. Aphunzitsi ananena zimenezi poyambirira pomwe, ndipo anachita bwino kutero, chifukwa amene sanachenjezedwe amasiyira panjira n'kubwerera ku kagwiridwe kakale.

Pokonza njirayo anagwiritsa ntchito chinthu chotsika mtengo kuposa china chilichonse m'chipindamo, chivundikiro cha nsalu cha mutu wa driver. Anachiika pansi kunja kwa mpira, kumbuyo pang'ono, pamalo pamene ndodo yobwera kuchokera kunja iyenera kuchigunda. Ukamenya mwachizolowezi chakale chivundikirocho chimauluka limodzi ndi mpira, ndipo sipafunika wina kukuuza kuti walakwa. Ukachiphonya, nambala ya njira imasendera ku ziro. Ndinaona kuti radar ntchito yake pano sinali kuphunzitsa koma kuchitira umboni, chifukwa chimene munthu amamva m'thupi ndi chimene chikuchitikadi zimasiyana kwambiri. Pamene ine ndinkamva ngati ndikuponya ndodo kutali kumanja, makinawo ankaonetsa kuti ndangofika pakati.

Nambala yachitatu ndi imene inasintha maganizo anga pa nkhani ya mtunda. Imapezeka pogawa liwiro la mpira ndi liwiro la mutu wa ndodo, ndipo osewera amaitchula kuti smash factor. Pa driver malire ake ali pafupifupi pa 1.50, kutanthauza kuti ndodo yothamanga mamailosi 100 pa ola ingathe kutulutsa mpira wothamanga mamailosi 150 pa ola ngati waugunda pakati penipeni. Osewera wamba ambiri amakhala pansi pa nambala imeneyi ndi mpata woonekeratu, ndipo mpata umenewo ndi mtunda umene akutaya popanda chifukwa cha mphamvu. Kuti ndione pamene ndikugunda, aphunzitsi anapopera ufa woyera wa kumapazi pankhope ya driver, uja umagulitsidwa m'masitolo a mankhwala. Mpira uliwonse unkasiya chidindo chozungulira chokhala ndi timadontho take, ndipo nditamenya kangapo zidindozo zinaunjikana pansi chakumpini, kutali ndi pakati. Kugunda chakumpini kumachepetsa liwiro la mpira komanso kumaupatsa kazunguliridwe koukhotetsera kumanja, pamene kugunda chakunsonga kumaukhotetsera kumanzere. Choncho slice yanga inali ndi magwero awiri, ndipo limodzi la iwo linali nkhani ya masentimita awiri okha pankhope ya ndodo. Amene anawazapo nkhuni amadziwa kuti nkhwangwa ikagwera pa mng'alu chipika chimang'ambika mosavuta, koma ikagwera pambali ngakhale mwamuna wamphamvu amangotopa.

Pofuna kutsindika mfundoyi aphunzitsi anandionetsa manambala amene kampani ya TrackMan yakhala ikufalitsa okhudza akatswiri. Pa manambala amene ndinaonetsedwawo, amuna a pa PGA Tour, mipikisano ya akatswiri ku America, ankathamangitsa driver pafupifupi mamailosi 113 pa ola ndipo mpira unkauluka mayadi pafupifupi 275 usanagwe. Amenewo si anzathu oti n'kudziyerekeza nawo. Koma amayi a pa LPGA Tour, mipikisano ya akatswiri aakazi, ankathamangitsa ndodo pafupifupi mamailosi 94 pa ola, liwiro lofanana ndi la bambo wamba wosewera kumapeto kwa sabata, ndipo mpira wawo unkauluka mayadi pafupifupi 218, kutali ndithu kuposa wa bambo uja. Kusiyanaku sikuli m'minofu. Amayiwa amagunda pakati, ndipo ndodo yawo imakumana ndi mpira ikukwera, ndi madigiri pafupifupi atatu, pamene osewera wamba ambiri amaugunda ndodo ikutsika. Kwa munthu wa liwiro la mamailosi 90 pa ola, kuchoka pa kugunda motsika ndi madigiri asanu kufika pa kugunda mokwera ndi madigiri asanu kungamupatse mayadi pafupifupi 20 osawonjezera liwiro ngakhale pang'ono. Ndikuganiza kuti mwamuna aliyense wosewera gofu ku kalabu akanachita bwino kuonera mipikisano ya amayi ndi diso la wophunzira, chifukwa kamenyedwe kamene angathe kukatengera kali kumeneko.

Kusintha kumeneku kunachitika munthu asanayambe n'komwe kugwedeza ndodo. Tee, kamtengo koikapo mpira, inakwezedwa mpaka theka la mpira kuonekera pamwamba pa mutu wa driver, mpira unasunthidwa kuyang'anizana ndi chidendene chakumanzere, ndipo msana unapendekeka pang'ono kumanja kuti phewa lamanja litsike. Zitatuzi n'zosavuta kuzichita moti munthu angazipeputse, koma zinandipatsa mtunda wambiri kuposa china chilichonse chimene ndinaphunzira pambuyo pake. Pa ma iron, ndodo za mutu wachitsulo zofupikirapo kuposa driver, nkhani yake ndi yosiyana ndipo aphunzitsi anasamala kuti ndisasakanize. Iron imayenera kugunda mpira ikutsika, n'kudula dothi kutsogolo kwa pamene mpira unali, ndipo akatswiri pa iron ya nambala 7 amatsika ndi madigiri pafupifupi anayi. Wosewera amene amayesa kunyamula mpira ndi manja kuti ukwere amadula dothi kumbuyo kwake kapena kuumenya pamimba.

Zokhudza liwiro lenileni zinabwera kumapeto, ndipo sizinatenge nthawi yaitali. Mfundo yake ndi yakuti potsika ndi ndodo chiuno chimayamba, chifuwa n'kutsatira, kenaka mikono, ndipo mutu wa ndodo umakhala womaliza. Kulemera kwa thupi kumayamba kusamukira ku phazi lamanzere ndodo isanamalize kukwera. Anandipatsa ntchito yoyesera kunyumba, yophatikiza mapazi, kukweza ndodo, kuponda ndi phazi lamanzere kenaka n'kumenya, ndipo imagwira ntchito chifukwa siilola mikono kutsogola. Mailosi imodzi pa ola yowonjezera pa liwiro la ndodo imabweretsa mayadi awiri kapena atatu, choncho liwiro si chinthu chopeputsa. Komabe ndinakondwa kuti sanandithamangitsire kumeneko. Katswiri Bryson DeChambeau atawonjezera thupi ndi liwiro n'kupambana mpikisano waukulu wa US Open wa 2020 pa bwalo la Winged Foot, osewera ambiri anayamba kusakasaka liwiro, ndipo katswiri wina, Rory McIlroy, ananena poyera mu March 2021 kuti kuthamangira liwiro kunasokoneza kamenyedwe kake. Ngati zinamuchitikira munthu amene amakhalira gofu tsiku ndi tsiku ali ndi aphunzitsi ndi madokotala omuzungulira, bambo wa zaka 50 amene amakhala pa desiki sabata yonse ayenera kusamala msana wake koposa. Ku South Africa kuno chitsanzo chabwino chili pafupi: Ernie Els anapambana mipikisano ikuluikulu inayi ndi kamenyedwe kooneka ngati kopanda changu, koma mpira wake unkafika kutali.

Pali chinthu chimodzi chimene aphunzitsi ananena chimene chinandidabwitsa, chifukwa chimatsutsana ndi mawu amene timamva kukalabu akuti chofunika ndi putter basi, ndodo yogudubuzira mpira m'dzenje. Mark Broadie, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Columbia ku New York, anawerengera mamenyedwe ochuluka a akatswiri ndi a osewera wamba, ndipo anapeza kuti kusiyana kwakukulu pakati pa osewera abwino ndi ena kumachokera pa mamenyedwe aatali, oyambira pa tee ndi olowera pa green, malo a udzu wosalala pamene pali dzenje, pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Zimenezi zikutanthauza kuti nthawi imene munthu amaika pa driver ndi ma iron si yodzionetsera. Zikutanthauzanso kuti kulunjika kumene kumafunika si kugwera pakati pa fairway, njira ya udzu wometedwa yopita ku dzenje, nthawi zonse, koma kupewa mipira ija imene imalowa m'madzi, m'tchire kapena kutuluka m'malire. Pamenepa ndi pamene handicap yanga, nambala imene imachepa munthu akamasewera bwino, inatsikira. Mtunda unawonjezeka ndithu, koma chimene chinasintha makadi anga a zigoli ndi chakuti ndinasiya kutaya mpira woyamba, kulandira chilango n'kumenya kachitatu ndikadali pa tee.

Tsopano zofooka, ndipo si zazing'ono. Choyamba ndi mphasa. Udzu wapulasitiki umakhululuka kwambiri, chifukwa iron ikagunda kumbuyo kwa mpira imatsetsereka pamphasapo n'kuupeza mpira, ndipo pasikirini pamaoneka mtunda wabwino. Pa udzu wa kikuyu umene uli pa mabwalo ambiri a Johannesburg, kumenya komweko kumathera m'dothi, udzu umagwira ndodo, ndipo mpira umangoyenda mamita ochepa. Maphunziro ambiri a ma iron anachitikira m'chipinda, ndipo vuto limeneli ndinalizindikira ndili pabwalo, osati pamalopo. Malo amene ali ndi bwalo loyesererapo kunja kwa chitseko alibe chifukwa chophunzitsira ma iron pa mphasa yokha. Nditapempha kuti tituluke pa udzu anavomera mosavuta, koma chinayenera kukhala m'ndondomeko yawo kuyambira pachiyambi, osati kudikira wophunzira apemphe.

Chachiwiri chikukhudza ife amene timasewera kuno n'kumapitanso kwathu ku Malawi. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepuka, ndipo mpira umauluka kutali ndi magawo pafupifupi 10 pa 100 alionse kuposa m'mbali mwa nyanja yamchereyo. Makina aja angathe kuikidwa kuti aonetse mtunda wa pamalo okwera kapena wa m'munsi, ndipo pamalopo anawasiya pa kukwera kwa Johannesburg popanda kuuza wophunzira. Kwa munthu amene amasewera ku Gauteng kokha, chigawo chimene muli Johannesburg, palibe cholakwika. Koma amene atenge manambala amenewo n'kupita nawo ku Lilongwe Golf Club, kumene kukwera kuli pa mamita pafupifupi 1,050, apeza mipira yake ikuperewera, ndipo akatsikira ku Mangochi m'mbali mwa nyanja kapena ku Nchalo m'chigwa cha Shire, kuperewerako kukula mpaka kufunika kutenga ndodo yotsatira. Mpweya wopepuka umachepetsanso kukhota kwa mpira, choncho slice imene ikuoneka kuti yazilala kuno ingathe kuonekanso kumalo otsika. Mphunzitsi amene wamva kuti wophunzira wake amayenda ayenera kunena zimenezi, ndipo sizitenga mphindi ziwiri. Ndiwonjezerenso kuti m'chipinda chotseka radar imangoona mamita ochepa a ulendo wa mpira, kotsalako imachita kuwerengera, ndiponso mipira ya pabwalo loyesererapo siuluka ngati imene timasewerera. Manambala a nkhope ndi njira ndi odalirika, koma a mtunda ayenera kutsimikizidwa pabwalo ndi mpira wako.

Chachitatu ndi chimene chinandikhumudwitsa kwambiri, chifukwa chimadetsa ntchito yabwino ya aphunzitsi. Malowa ali ndi sitolo ya ndodo pakhomo, ndipo mndandanda usanafike pakati ndinayamba kulandira mauthenga pafoni ondiitana kukayezedwa driver yatsopano. Kuyeza ndodo kuti igwirizane ndi munthu n'kwabwino, ndipo n'zoona kuti osewera ambiri amanyamula driver ya nkhope yopendekeka madigiri 9 pamene akanathandizidwa ndi ya 10.5 kapena 12. Koma kumuyeza munthu amene kamenyedwe kake kakusintha sabata ndi sabata ndi kumugulitsa ndodo yogwirizana ndi vuto limene akulipira kuti lichoke. Komanso malamulo a R&A ndi USGA, mabungwe oyang'anira gofu, anaika kale malire: mutu wa driver sungapitirire kukula kwa 460cc, ndipo kudumphitsa mpira kwa nkhope yake kuli ndi malire amene opanga ndodo onse anafikapo kalekale. Driver ya zaka zisanu kapena zisanu ndi zitatu ikagunda pakati siisiyana kwenikweni ndi ya chaka chino. Aphunzitsi anga, nditawafunsa pamaso, ananena zomwezi, anatenga kachitsulo kosinthira, n'kukweza digiri imodzi pa driver yanga yakale, ndipo nkhani inathera pomwepo. Zikuoneka kuti ogulitsa ndi ophunzitsa pamalopo sayendera mfundo imodzi, ndipo wophunzira wamanyazi angathe kutulutsa ndalama zambiri asanamalize kuphunzira kugwira ndodo imene ali nayo.

Za makanema sindinena zambiri. Phunziro likatha amatumiza pafoni kanema wokhala ndi mizere ndi mawu a aphunzitsi, ndipo amathandiza kukumbukira. Kanema mmodzi wachidule wonena chinthu chimodzi ankandithandiza, koma pamene ankatumiza ambiri nthawi imodzi ndinkangowasiya osawatsegula.

Chimene mndandandawu ulibe konse ndi phunziro la pabwalo lenileni, ndipo limagulitsidwa padera. M'chipinda mulibe mphepo, pansi ndi posalala, palibe madzi kumanja kapena mitengo kumanzere, ndipo ukaphonya umangokoka mpira wina. Pabwalo umamenya driver kamodzi, n'kuyenda mphindi khumi kapena kuposa usanaigwirenso, mpira uli pamwamba pa mapazi kapena pansi pake, ndipo anthu atatu akukuyang'ana. Kamenyedwe katsopano kamathawa msanga pa nthawi ngati imeneyo. M'nyengo yozizira ya kuno, kuyambira May mpaka August, udzu umauma, nthaka imalimba, ndipo mpira umagudubuzika kwambiri moti munthu amadzinamiza kuti wapeza mtunda umene udzasowa mvula ikayamba. Zoterezi amaziona ndi mphunzitsi amene wayenda nawe maenje asanu ndi anayi. Ndinalipira phunziro limeneli padera, ndipo m'menemo ndi mmene zinadziwika kuti ndikaima pa tee yokhala ndi ngozi kumanja, mapewa anga amabwerera okha kuloza kumanzere. Aphunzitsi anaika ndodo pansi kutsogolo kwa mapazi anga, ina anaigoneka pachifuwa panga, ndipo ziwirizo zinaloza mbali zosiyana. Radar sikanaona zimenezi chifukwa m'chipinda mulibe choopa.

Apa ndiyenera kutchula ma caddie a kwathu, onyamulira osewera zikwama za ndodo, chifukwa ambiri mwa iwo amaona zimene makinawa amayeza. Pa mabwalo a ku Blantyre, Limbe ndi Lilongwe kuli ma caddie amene anakulira pabwalo, amene akaima kumbuyo kwako angathe kukuuza kuti ndodo ikuchokera kunja kapena kuti wagunda chakumpini pongomva kulira kwake. Chimene alibe ndi nambala yotsimikizira, ndipo kawirikawiri bwana amene akumunyamulira chikwama samumvera. Amene sangathe kufika pamene pali radar sayenera kutaya mtima pa chifukwa chimenechi. Ufa wa kumapazi, chivundikiro cha driver, ndodo ziwiri zogoneka pansi, foni yojambulira kumbuyo ndi caddie wa maso akuthwa zingathe kumupatsa gawo lalikulu la zimene ine ndinalipira. Chimene radar inandipatsa pamwamba pa izi ndi kufupikitsa mkangano pakati pa zimene ndinkamva ndi zimene ndinkachitadi.

Maphunzirowa ndi oyenera munthu amene wasewera kale kwa nthawi, amene mpira wake uli ndi chizolowezi chodziwika, ndipo ali ndi mpata woyeserera pakati pa phunziro ndi phunziro. Amene akungoyamba kumene sakufunika manambala ochuluka chotere, ndipo mphunzitsi wa pakalabu wokhala ndi dengu la mipira amukwanira pa mtengo wotsika. Amene alibe nthawi yoyeserera angachite bwino kulipira maphunziro awiri okha n'kuwatalikitsa, kusiyana ndi kugula mndandanda wonse umene uli ndi tsiku lothera. Polembetsa ndi bwino kufunsa dzina la mphunzitsi amene mudzakhale naye mpaka kumapeto, chifukwa pamalopo amasinthanitsa ngati simunanene, ndipo aliyense amabwera ndi kayankhulidwe kake. Pemphani kuti maphunziro a ma iron achitikire pa udzu, kuti limodzi mwa maphunzirowo lisinthidwe kukhala la pabwalo, ndiponso kuti pa tsiku lomaliza akuyezereni mtunda wa ndodo iliyonse kawiri, pa kukwera kwa Johannesburg ndi pa kukwera kwa kumene mukasewere mukapita kwanu, ndipo manambala onsewo muwalembe pa kapepala kokhala m'chikwama cha ndodo.